Diresi la Namzeze

Achemwali anga ndi telala, ndipo ndi telala wabwino. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa zomwe ndikufuna kunena zingakuchititseni kuganiza kuti mutu wawo suyenda bwino. Umayenda ndithu, kupatula pa nkhani ya Namzeze.

Timagwira ntchito m'chipinda chimodzi, moyang'anana ndi pokwerera basi. Iwo ali chakuzenera ndi makina awo osokera, ine ndili chakukhomo ndi galasi langa ndi zipeso, kuluka anthu tsitsi. Pakona pali katani yamaluwa yomwe makasitomala amayesera zovala kuseri kwake. Pamwamba pa kabati pali wailesi ya kanema yakalekale, ndipo siidziwa filimu ina koma imodzi yokha.

Filimuyo inatuluka tili atsikana. Ndi ya mtsikana amene makolo ake ankamuletsa kuyimba, iye n'kukakamira. Kumapeto amaima pakhomo la holo atavala diresi lobiriwira la manja akuluakulu n'kuyimba nyimbo yotsiriza. Pa mawu omaliza amakweza manja onse awiri m'mwamba, nsalu n'kutambasuka ngati mapiko. N'chifukwa chake anthu anam'patsa dzina loti Namzeze, moti dzina lake lenileni ambiri analiiwala. Pambuyo pa filimuyo anatulutsa makaseti angapo omwe ankalira m'basi iliyonse, kenako anangoti zii.

Koma m'shopu mwathu sanati zii. Achemwali amadziwa nyimbo zake zonse, mpaka malo amene amakokera mpweya. Bambo wina analakwitsa kunena kuti akazi oyimba amatchuka chifukwa cha miyendo basi. Achemwali anam'bwezera buluku lake pomwepo, mwendo umodzi atapinda, wina usanapindidwe. Chaka chomwe alamu anga anawasiya ndi ana awiri, anadzisokera diresi lofanana ndi la m'filimu, nalikulunga m'pulasitiki n'kuliika m'kabati. Sanalivalepo. Ndikafunsa ankangoti tsiku lake silinakwane.

Ndiye holo yakale yoonetseramo mafilimu ya m'tauni mwathu anaikonzanso. Pa makoma panamatidwa zikwangwani zoti Loweruka lina masana adzaonetsa filimu ya Namzeze, ndipo ikadzatha, Namzeze mwini wakeyo adzakwera pa siteji kudzayimba nyimbo yotsiriza ndi pakamwa pake. Achemwali anagula matikiti athu tsiku lomwelo, natulutsa diresi lawo lija kuti liwombedwe mphepo.

Tsiku lina m'mawa munalowa mayi wachitsikana atanyamula chikwama cha ku ofesi.

"Ndine mwana wa amene mumawatcha Namzeze," anatero. "Ndamva kuti diresi la m'filimu lija mumalidziwa bwino. Lenilenilo linadyedwa ndi njenjete. Mungawasokere lina?"

Achemwali anatsala pang'ono kumeza pini yomwe inali pakamwa pawo.

"Ndiwabweretse liti kuti mudzawayeze?" anafunsa mwanayo.

"Ayi, ayi, musawavutitse mayi! Munthu ngati ameneyo adzaime kuseri kwa katani yangayi? Ine ndimawadziwa kuyambira paphewa mpaka kuchidendene. Mudzangobwera kudzatenga."

Ine ndinati ndilankhule, koma achemwali anandiponyera diso lija lomwe ankandiponyera tili ana, ndipo ndinabwerera ku mutu womwe ndinkaluka.

Zomwe achemwali anachita atachoka mlendoyo ndinaziona ndi maso angawa. Anaimitsa filimu pamalo pomwe Namzeze waima pakhomo, natenga tepi yawo yoyezera, nayamba kuyeza galasi la kanema. Anayeza chitseko cha m'filimu, nayeza chitseko chathu, n'kumawerengera kuti ngati chitseko chili chotere ndiye kuti phewa ndi lotere, chiuno chotere.

"Achemwali," ndinatero, "inuyo diresi la ukwati wanu lingakukwaneni lero?"

"Iwe luka tsitsi. Ine ndi Namzeze ndife amodzi?"

"Kodi pali anthu ena amene sakalamba?"

"Wamuona dzulo lomweli pakanemapo. Wakalamba?"

Nsalu anaisakasaka m'mashopu onse mpaka mapazi kutupa, ndipo anapeza chidutswa chomaliza cha mtundu womwewo. Kunena zoona, diresilo linatuluka lokongola moti ngakhale ine ndinkaopa kuligwira ndi manja amafuta.

Kutatsala tsiku limodzi kuti chionetsero chichitike, mwana uja anabweranso, ndipo sanali yekha. Paphewa pake panatsamira mayi wonenepa, wa magalasi, woyenda mosamala ngati maondo akumupweteka. Achemwali anasuzumira kumbuyo kwawo, kufunafuna Namzeze.

"Mwadzuka bwanji, mayi telala?" anatero mayiwo.

Mawu aja! Sizasi inagwa m'manja mwa achemwali. Ndinawapatsa mayiwo mpando chifukwa achemwali anali atauma ngati mtengo, maso ali pa chiuno cha mlendo, kenako pa diresi lomwe linali pa hang'ala.

"Ndati ndiliyese ndekha," anatero mayiwo. "Mwana wanga akuti mumandidziwa."

Analowa kuseri kwa katani ndi mwana wawo. Tinamva nsalu ikukhwekhwereza, zipi ikuyenda pang'ono n'kuima, kenako kamsoko kenakake kanalira. Atatuluka anali atavala zovala zawo zomwe zija, ndipo diresi analipinda bwinobwino n'kuliika pa makina.

"Mwasoka bwino," anatero. "Ndi lomwe lija ndithu. Koma mwini wake kulibe." Anatembenukira kwa mwana wawo. "Ukawauze eni holo aonetse filimu yokha. Anthu akufuna mtsikana wa m'diresi ili. Asakaone gogo akupuma befu."

Anatuluka pang'onopang'ono monga anabwerera, osakwiya, osatembenuka.

Ine sindine mngelo. Mawu oti "ndinakuuzani" ndinawanena, ndipo ndinawanena kawiri. Mtima unkandiwawa chifukwa cha mayi aja, komanso ndinakwiya kuti holo yonse yodzaza anthu ikamanidwa nyimbo chifukwa cha tepi ya achemwali anga. Iwo anaimirira n'kuzimitsa kanema, chinthu chomwe sichichitika masana m'shopu mwathu. Kenako anatsegula kabati natulutsa pulasitiki yawo ija.

"Tseka shopu. Tenga sizasi ndi mapini."

"Nanga makasitomala anga?"

"Tsitsi silithawa."

M'basi anaimbira foni mwana uja. Iye anati mayi ake sakufuna kuona munthu. Achemwali anati zikomo, koma tafika kale pafupi, angotiuza kuti tilowere njira iti.

Nyumba ya mayiwo inali yaing'ono, yaukhondo. Pakhoma panalibe chithunzi ngakhale chimodzi cha m'filimu, koma zidzukulu zokhazokha zovala yunifomu ya sukulu. Mayiwo anali atakhala pa sofa, miyendo ataisanjika pa kampando, botolo la mankhwala opaka lili pambali. Achemwali anaima pakati pa chipinda, tepi ili m'khosi, mapazi ali nji.

"Mayi, ine ndinayeza galasi la kanema. Ngakhale mwana wa sukulu ndimamuyeza ndisanadule nsalu, koma inu sindinakuyezeni. Ndabwera kudzayeza inuyo."

"Muyeze chiyani? Mukufuna tepi ikuthereni panjira?"

"Ikatha ndilumikiza ina."

Mayiwo anaseka pang'ono, koma kusekako sikunakhalitse.

"Si thupi lokha, mwana wanga. Taonani." Anakweza dzanja lamanja. Linafika pofanana ndi phewa n'kuima, nkhope yawo n'kuchita makwinya. "Lamanzere nalonso chimodzimodzi. Anthu onse akudikira manja m'mwamba. Ndikafika pamenepo ndidzatani? Ndidzawauze kuti pepani, mapewa akana?"

"Kwezaninso," anatero achemwali. "Imani pomwepo."

Anatambasula tepi kuchokera pamkono mpaka m'chiuno, nayang'ana, nabwerera m'mbuyo pang'ono monga amachitira akafuna kuona chovala chomwe sichinasokedwe.

"Pamenepa pakwana. Nsalu ndiiyambira pamkono kutsika mpaka m'chiuno. Mukangofika pomwe mwafikapa itambasuka yokha."

"Mukulimbikiranji chonchi? Mwagula tikiti, akubwezerani."

Achemwali anakoloweka tepi m'khosi.

"Bambo a ana anga atachoka, ndinkasoka kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, nyimbo yanu ija ikulira. Sindinkayang'ana kanema ayi, maso anali pa singano. Ndinkangomva mawu. Lero mutandipatsa moni, mawu aja ndinawamva. Alipo, mayi. Chomwe chikusowa ndi diresi, ndipo imeneyo ndi ntchito yanga."

Mayiwo anavula magalasi nawapukuta ndi nsonga ya bulauzi nthawi yaitali.

"Nsalu muipeza kuti? Akuti inali yomaliza."

Achemwali anamasula pulasitiki, nayala diresi lawo patebulo.

"Ili ndi la ndani?"

"Langa."

"Munalivalapo?"

"Linkadikira tsiku lake."

Achemwali ananditambasulira dzanja, ine n'kuwapatsa sizasi. Ndinkadziwa kuti mawa lake ankafuna kulivala ku holo, ndipo nsapato zake anali atagula kale. Sizasi italowa m'nsalu ndinamva ngati yandidula ine, koma iwo anadulabe mpaka anafika kumpendero.

Mayiwo anayang'ana zidutswa ziwirizo. Kenako anatsitsa miyendo pakampando, nagwira mkono wa sofa, naimirira.

"Yezani. Koma manambala musatchule mokweza."

Achemwali anagwada ndi tepi yawo. Anayeza chifuwa, chiuno, msana, ngakhale phewa lomwe latsika pang'ono kuposa linzake, ndipo nambala iliyonse ankandinong'oneza ine n'kuilemba ndi bolopeni pamkono panga.

Tinabwerera ku shopu, makina n'kuyamba kulira. Anaphwasula misoko yonse ya diresi latsopano, nalowetsa nsalu yawo m'mbali ndi pansi pa manja. Nsalu yawoyo inali yoderako pang'ono chifukwa cha zaka, koma mtundu sunawadetse nkhawa. Chomwe chinkawadya mtima ndi m'khwapa, pomwe yakale inakumana ndi yatsopano.

"Nsalu yogona m'kabati imafooka," ankatero. "Akakweza manja mwamphamvu ikhoza kuthetheka pamaso pa anthu onse."

Anapasoka kawiri ndi makina, napabwereza ndi manja. Loweruka m'mawa anamaliza mpendero, ine n'kusita. Tinathamangira ku holo osasintha zovala. M'kachipinda ka kumbuyo kwa siteji, zipi inakwera mpaka pamwamba popanda kukangana ndi munthu, ndipo tsitsi la mayiwo ndinalikonza ndine. Ndikunena zimenezi kuti nanenso ndidziwike.

Holo inadzaza thothotho. Munali amayi a imvi, ena atabwera ndi ana awo aakazi, ena ndi zidzukulu, ndi abambo angapo onamizira kuti angoperekeza. Filimu inayenda, anthu akulankhula limodzi ndi osewera. Itafika pa chitseko chija, chithunzi chinazima, magetsi n'kuyaka pa siteji.

Mayi aja anatulukira pang'onopang'ono, atagwira maikolofoni ndi manja awiri, naiika pa chitsulo chake. Kumbuyo kwanga munthu wina ananong'ona, "Ndi ameneyu?" Ndinatembenuka n'kumuyang'ana mpaka anayang'ana pansi.

Gitala inayamba. Mawu oyamba anatuluka okhakhala, otsika kuposa a m'filimu. Kenako anakoka mpweya pamalo pomwe paja, pomwe achemwali amakwezera chala tikamamvera m'shopu, ndipo mawu anatseguka n'kudzaza holo yonse. Mayi wina pafupi nane anayamba kulira osabisa.

Nyimbo inayandikira kumapeto. Manja ananyamuka, nakwera, nafika pamapewa n'kuima. Nsalu inatambasuka mbali zonse ziwiri, yowala pamwamba, yodera pansi. Kenako gogo wina wa kutsogolo anakweza manja ake m'mwamba, mnzake naye, mzere wonse, mpaka holo yonse inali chilili, manja m'mwamba, ikumalizitsa pomwe mayi aja analekezera. Ine ndemwe, amene ndinkati filimuyi yanditopetsa, ndinapezeka ndikukuwa ngati mwana.

Ndinayang'ana achemwali. Anali chikhalire m'diresi lawo la kuntchito, mapini akadali pachifuwa, ulusi wobiriwira utamatirira m'tsitsi. Sankayimba, sankawomba m'manja. Maso awo anali pamalo amodzi, m'khwapa mwa diresi.

"Achemwali, kwezani manja!"

Anandigwira pamkono, pomwe panali manambala aja, zikhadabo n'kulowa m'khungu.

"Wagwira," anatero. "Msoko wagwira."

Mayi aja anatsitsa manja bwinobwino, anthu akuimba mluzu ndi kuwomba m'manja osafuna kuleka. Apo m'pomwe achemwali anandisiya mkono. Anapukuta nkhope ndi chikhatho, nandikokera pafupi kuti ndimve m'phokosomo.

"Iwe," anatero, "tandiuza. Anayimba bwanji?"