Zonse Zili M'khola

Warrick Tennant ankadzitcha msamaliri wa kelpi, ndipo akamatchula udindowu ankakweza chibwano pang'ono. Kunena zoona, kelpi sankafuna womusamalira. Kanali kapulogalamu kakang'ono kamene mkazi wake Noelene analemba asanakwatirane, n'kukapatsa dzina la mtundu wa agalu a ku Australia okusa nkhosa. Ntchito yake inali kukusa mafayilo omwazikana n'kuwasunga pamalo amodzi, ndipo kakamaliza kankalemba mawu atatu: "Zonse zili m'khola."

Kelpi ankabwera pamodzi ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, yaulere ija imene aliyense amatha kuitsegula ndi kuisintha. Motero mawu a Noelene ankatuluka m'makompyuta a anthu amene sanamuonepo. Noelene atamwalira, dzina la Warrick linalowa pamalo a msamaliri. Ntchito imene ankagwira paudindowo inali kukhalapo basi.

Uthenga woipa unabwera ndi Bronwyn Kask, mnzawo wakalekale, amene gulu loyang'anira pulogalamu yaikulu ija linamupatsa ntchito yosesamo zida zakale. Anakumana masana m'bala ina ya mumzinda wa Hobart, kunja mphepo yozizira ikutsika m'phiri. Bronwyn anadikira kuti nsomba ndi tchipisi zifike kaye.

"Kelpi akuchoka, mkulu. Pulogalamu yatsopano ikatuluka, iye mulibe."

"Walakwa chiyani?"

"Palibe, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Palibe amene wamudandaula kuyambira ndili ndi tsitsi lakuda. Ukudziwa mwambo wathu: chinthu chimene anthu akuchigwiritsa ntchito amachitukwana. Chimene sakuchitukwana ndiye kuti chinafa."

"Sakumutukwana chifukwa amagwira ntchito bwino!"

"Kumanda nakonso kulibe madandaulo."

"Iwe, ukulankhula ndi msamaliri wake."

"Pepani bwana msamaliri. Munasinthamo chiyani komaliza?"

Warrick anatafuna tchipisi kwa kanthawi. "Adiresi yanga."

"Usunge kelpi wako pakompyuta yako, palibe akuletse," anatero Bronwyn, mawu atafewa. "Ine Noelene ndinkamukonda, ukudziwa."

"Galu wa nkhosa samusunga m'kabati," Warrick anayankha.

Atafika kunyumba anaganiza kuti ngati moyo umaoneka ndi madandaulo, dandaulo lipezeka. Anadzipangira munthu, Colin wa ku Darwin, n'kumupatsa adiresi yakeyake ya imelo. Poyamba Colin ankati adandaule za chilembo cholakwika, koma Warrick anaona kuti kadandaulo kotero n'konyozetsa ntchito ya Noelene. Chida chachikulu chimayenera vuto lalikulu. Choncho Colin analemba pamalo a madandaulo, poonekera aliyense, kuti nthawi zina kelpi amataya mafayilo koma n'kunenabe kuti zonse zili m'khola.

Kenako Warrick anavala magalasi, n'kuyankha m'dzina lake lenileni: "Zikomo a Colin. Monga msamaliri, ndatsimikiza kuti vutoli lilipodi. Ndikuliunika." Analiwerenga yankholi mobwerezabwereza. Chimwalirire Noelene anali asanamvepo kuti ndi wofunika chonchi.

Ndipo anthu anabweradi. Analemba wa ku Chile, wa ku Finland, mayi wina woyang'anira makompyuta a sukulu ku Samoa. Onse ankagwiritsa ntchito kelpi kwa zaka zambiri osanenapo kanthu, poti panalibe chonena. Tsopano anali ndi mantha. Mayi wa ku Samoa anathokoza Colin chifukwa chowapulumutsa, n'kunena kuti kelpi wamuchotsa kale m'makompyuta onse a pasukulupo.

Bronwyn anaimba foni m'mawa, Warrick akupaka batala pabuledi.

"Waona? Anthu alipo!" anayamba Warrick.

"Analipo. Tamvera. Chida chotaya mafayilo, msamaliri wake atatsimikiza yekha, sitidikira nacho pulogalamu yatsopano. Ukonze, apo ayi chichoka sabata ino."

"Ndikonze chiyani? Mulibe vuto m'menemo. Colin uja..."

"Ndikudziwa. Colin wa ku Darwin amaika mipata iwiri pambuyo pa mpumiro ngati munthu amene anaphunzira kutaipa pa makina akale aja. Ku Australia konse kuno mwatsala awiri, iwe ndi Colin."

Warrick anakhala pansi.

"Ndiye uwauze, Bronwyn."

"Ine ayi. Amene anatsimikiza ndi iwe, wotsutsa akhalenso iwe. Lemba pomwepo kuti unanama. Udindo akulanda, kelpi akhala wamasiye, ndipo amasiye okalamba timawachotsa ndithu. Koma achoka dzina lake lili loyera. La Noelene, ndikutanthauza. Lako liiwale."

Warrick anavomera kuti atero, ndipo ankanena zoona. Kungoti kuvomera bodza pagulu n'kovuta kwa munthu amene wakhala msamaliri nthawi yaitali. Analemba, n'kufufuta. Mawu akuti "ndinanama" anawaona ouma, akuti "ndinayesa njira ina" anawaona onyowa. Anawonjezera ndime yofotokoza mbiri ya kelpi, ndi ina yofotokoza mbiri ya iye mwini. Anatsegula zolemba za Noelene kuti atengemo chitsanzo, n'kupeza kuti yambiri mwa mizere ya pulogalamuyo sakuimvetsa, monga mmene zinalili kuyambira kale. Anaiyang'ana mpaka tiyi anazizira.

Patapita masiku, kalatayo itafika poti iye n'kukhutira nayo, anatsegula tsamba la dandaulo lija n'kupeza kuti latsekedwa. Chida chikachotsedwa, madandaulo ake amatsekedwa nacho, ndipo palibe amene angawonjezerepo mawu, ngakhale msamaliri, pakuti palibenso chosamalira. Pamwamba panali mzere umodzi umene udzakhalepo nthawi yonse imene gululo lidzasunge mbiri yake: "Kelpi. Wolemba: Noelene Tennant. Wachotsedwa chifukwa amataya mafayilo n'kumanena kuti ali bwino."

Pansi pake wina anali atathokoza Colin komanso msamaliri chifukwa chochita zinthu mwachangu.

Kompyuta yakale ya Noelene inali m'chipinda chochapira, pambali pa nsapato zake za m'munda. Warrick anaiyatsa, anailumikiza ku kompyuta yake, n'kuitana kelpi. Kapulogalamuko kanakusa mafayilo onse, limodzilimodzi, osasiya ngakhale kalata yovomera bodza ija, n'kulemba kuti zonse zili m'khola.