Babu la Anapiye

Mayi Afisa atabwerako kumsika wa Chirimba anapeza mwana wawo Fahim ali pamwamba pa tebulo, akukhomerera chubu chachitali cha magetsi kudenga la pabalaza. Babu lakale, lija lowala mofiirira, linali pansi litasweka.

"Lagwa lokha, amayi," anatero Shamila, mkazi wa Fahim, akusesa magalasi. "Komanso limatha mayunitsi ngati mbaula. Ichi n'chowala, sichitentha, ndipo sichipsa msanga."

Zonsezo zinali zoona, ndipo n'zimene zinawapweteka kwambiri. Chimwalirireni a Kalimu, amuna awo, banja la Fahim linasamukira m'nyumbamo ati kudzawasamalira. Kusamalirako kunayamba ndi makatani, kenako mipando, kenako wailesi ya malemu inapezeka ili m'katoni. Mayi Afisa ankaona nyumba yawo ikuchoka m'manja mwawo pang'onopang'ono, iwo ali chete.

Madzulo Fahim anayatsa. Chubu chinaphethira, chinalira ngati udzudzu, kenako balaza lonse linangoti mbee. Mayi Afisa anayang'ana manja awo, ndipo anali otuwa. Anadzuka osadya, n'kukadzitsekera kuchipinda.

M'mawa anakwera minibasi ya ku Limbe kukasaka babu lofiirira ngati lakale lija. Analowa sitolo iyi, kutuluka, kulowa ina, ndipo kulikonse ankawaonetsa mababu oyera opiringizika.

"Amama, ofiirirawo anapita ndi makaseti," anaseka wogulitsa wina. "Kayeseni kwa ogulitsa chakudya cha nkhuku. Amatenthetsera anapiye."

Anapitadi, osachita manyazi. Analipeza pakati pa matumba a chakudya cha nkhuku, analikulunga pansalu, n'kubwerera nalo atalifungata.

Atafika kunyumba anakokera tebulo pakati pa balaza, anavula nsapato, n'kupondapo. Holuda yakale ya babu inali ikulendewerabe pawaya wake, pambali pa chubu.

"Amayi, mugwa!" anakuwa Fahim akutuluka kuchipinda. "Chimenecho n'chiyani?"

"Babu la anapiye."

Shamila anabisa kamwa ndi dzanja. "Ndiye pabalaza pano pasanduke khola?"

"Eya, mwanapiyeyo ndine. Ndikuzizidwa m'nyumba yanga yomwe."

"Koma amayi, mayunitsi amagula ndine," anatero Fahim. "Anthu onse anasiya zimenezi. Mukukakamira chiyani?"

"Galu wamkota sakandira pachabe, iwe. Mayunitsi ugule, usagule, ine ndinkagula usanamere ndevu." Analoza chubu chija ndi chala. "Bambo ako akutsirizika kuchipatala, iwe unali paulendo ku Mwanza. Ine ndinali pamkeka pansi pa bedi lawo, ndipo pamwamba pathu panali chinthu ngati ichi. Kuphethira komweku, kulira komweku. Chinawatuwitsa nkhope asanafe n'komwe. Ndiye lero undibweretsere wodi pabalaza pomwe ndinkamwa nawo tiyi?"

Fahim anayang'ana pansi.

"Simunanene," anatero Fahim motsitsa.

"Munandifunsa? Makatani munandifunsa? Wailesi munandifunsa? Chubu chanucho n'chabwino, sindikukana. Kachiikeni kuchipinda kwanu, muzikaonerana ziphuphu. Koma pano ndi panga. Amene kuwala kwanga kukumuchepera, nyumba za lendi zadzaza ku Chimwankhunda."

Anakweza manja kuti alowetse babulo, tebulo n'kugwedezeka. Fahim anathamanga, koma sanawatsitse. Anagwira miyendo ya tebulo mwamphamvu, mutu uli chowerama, mpaka mayi ake anamaliza kupotokola.

"Shamila, yatsa," analamula ali pamwamba pomwepo.

Shamila anazengereza, kenako anadina swichi yakale. Kuwala kofiirira kunadzaza balaza, kochepa, kofunda, kosiya mthunzi m'makona.

Mayi Afisa anatsika okha, osalola kugwiridwa dzanja. Anavala nsapato zawo, n'kukhala pampando.

"Tsopano," anatero, "kanditengereni wailesi ya amuna anga m'katoni muja."