Kansalu ka M'kati

M'chaka cha 1946, nkhondo itangotha kumene ndipo Chipata akutchedwabe Fort Jameson, Boaz Mbewe ankasoka zovala pakhonde la sitolo ya mlamu wake, Whiteson Sakala. Makina anali akeake, koma khondelo ndilo linkamudyetsa. Linali m'mbali mwa msewu wopita kumsika, moti munthu akagula nsalu m'sitolo ankangotuluka n'kuiponya pamiyendo pa Boaz. Telala wopanda khonde m'tauni imeneyo ankasokera mkazi wake ndi ana basi, ndipo Whiteson sankatopa kumukumbutsa zimenezi.

Chaka chimenecho kuboma kunachokera mawu akuti bungwe lothandizana la anthu akuda litumize munthu mmodzi, mmodzi yekha, kukatula madandaulo awo pamaso pa bwanamkubwa. Bungwelo linali ndi anthu makumi anayi ndi asanu. Boaz ndiye anali mlembi, osati chifukwa cha sukulu yambiri, koma chifukwa anali yekhayo amene anali asanakanganepo ndi munthu.

Whiteson anaimirira msanga. Iye anaphunzira ku mishoni ya Madzimoyo, Chingerezi ankachita kulota nacho, ndipo makalaliki, aphunzitsi ndi amalonda anali pambuyo pake. Ankafuna kukanena za malayisensi ndi za chipongwe chogulira pawindo m'masitolo a azungu. Tisamunamizire, nkhani yake inali yoona. Alimi achikatolika a m'midzi yozungulira anaimika Andireya Zulu, bambo wolankhula mozengereza mpaka womvera kuyasamula, amene mutu wake unali pa minda yothinana ndi mtengo wa nshawa, mtedza uja.

Ndiye panali Olipa Nyirenda, mayi wamasiye wa kukomboni ya Kapata, wochapa zovala za azungu. Pambuyo pake panali amayi angapo, nkhalamba ziwiri ndi wosoka nsapato mmodzi. Anthu amenewa analibe nkhani ina koma madzi: ankafuna chitsime. Ankatunga pakhwawa pomwe pankamwa ng'ombe zokoka ngolo, ndipo dzinja lililonse kamwazi ankatenga ana. Anthu anawapatsa dzina loti chipani cha ndowa powaseka, iwo n'kulilandira dzinalo ndi manja awiri.

Mbali zonse ziwiri zinamukhalira pakhosi Olipa kuti asiye. Anamuuza kuti sangapambane, kuti akungomwaza mavoti, kuti chifukwa cha iyeyo kudzapita munthu amene ambiri sakumufuna. Iye ankayankha kuti akudziwa bwino lomwe kuti sapambana, koma tsiku limene adzakhale pansi, mawu oti chitsime sadzamvekanso pamsonkhano. Boaz ankamva zonsezi phazi lili pamakina, ndipo zinkamusowetsa mtendere, chifukwa onse ankanena zoona.

Nzeru inamubwerera tsiku lina akusesa tizidutswa ta nsalu pansi pa makina. Pamsonkhano wotsatira anabwera ndi thumba lodzaza. Anati kaki akhale Whiteson, biriwita, nsalu yakuda ija, akhale Andireya, yofiira akhale Olipa, ndipo aliyense alandire tizidutswa titatu. Ka munthu amene ukumufuna koposa ukayale padzanja, uikemo ka munthu amene ungamulole woyambayo atalephera, umange kamtolo. Kotsalako ubweze m'thumba. Poyamba awerenge nsalu zakunja. Ngati palibe wopitirira theka, timitolo ta wotsalira m'mbuyo timasulidwe, kansalu ka m'kati kawerengedwe. Wosadziwa kulemba analibe chodandaula, pakuti kumanga mfundo palibe amene anakulephera.

Mkangano unatenga masana onse. Mlimi wina anakayikira kuti nzeru yochokera pakhonde la Whiteson singakhale yopanda msampha. Mphunzitsi wina anati kumeneko ndi kupatsa kagulu kakang'ono pakamwa pawiri pamene ena ali ndi pamodzi, ndipo mawa aliyense wodwala dzino adzayambitsa chipani chake. Anthu anaseka. Olipa anadikira kuti kuseka kuthe.

“Pakamwa ndi pamodzi, aphunzitsi,” anatero. “Kungoti ife tikagwa, musatikwirire pamodzi ndi mawu athu.”

Amene anatseka mkanganowo ndi Whiteson mwini, ndipo anautseka povomera. Anali atawerengera kale mumtima kuti anthu a ku Kapata ndi a m'tauni, ambiri a mpingo wake womwe, ndipo sangakulunge mlimi wachikatolika m'kansalu kawo. Anamusisita Boaz paphewa n'kumutcha munthu wanzeru. Boaz anakondwa, osadziwa kuti wadzisokera yekha malaya othina.

Sabata imeneyo kunachitika zachilendo: anthu amene dzulo ankaseka chipani cha ndowa anayamba kuchipatsa moni. Whiteson anatumiza mawu kwa Olipa kuti nthawi ikadzatsala adzatchulako za madzi. Andireya sanatumize mawu. Lachitatu anayenda wapansi kuchokera kumudzi, napempha Olipa kuti akamuonetse khwawalo. Anatsetserekera pansi, anagwada pakati pa ndowe za ng'ombe, anatunga madzi m'manja n'kuwayang'ana nthawi yaitali. Atakwera ananena kuti kwa bwanamkubwa adzayamba ndi chitsime, minda idzabwera pambuyo. Alimi ake anang'ung'udza, koma iye sanabweze mawu.

Loweruka masana anasonkhana pansi pa mitengo ya mango kuseri kwa msika. Mmodzimmodzi ankapita kuseri kwa mtengo, kumanga kamtolo kake n'kudzaponya mumtanga. Dailes, mkazi wa Boaz, amenenso anali mlongo wake wa Whiteson, anaponya kake n'kukakhala pakati pa amayi anzake. Boaz anakhuthulira mtangawo pamphasa ndi kuunjika timitolo m'milu itatu, aliyense akuona. Ta kaki tinali makumi awiri, ta biriwita khumi ndi tisanu, tofiira khumi.

Makalaliki anawomba m'manja. Koma makumi awiri si theka la makumi anayi ndi asanu, ndipo Whiteson, amene anali atamva za ulendo wa Andireya kukhwawa, ankayang'ana mulu wofiirawo ngati munthu woona utsi padenga la nyumba yake. Anawerama ngati akufuna kuona buku la mlembi, nalankhula motsitsa.

“Alamu, zatha apa. Woyamba waoneka. Lembani dzina, tseketsani bukulo. Kapena Lolemba muli ndi pena pokhala?”

Boaz anachita mantha, ndipo palibe chifukwa chobisira zimenezo. Anali ndi ana atatu, Lena ndi azing'ono ake. Ankadziwa kuti atangonena kuti mfundozo zalimba, kapena kuti dzuwa lapendeka, makalaliki amuthandiza ndi phokoso, alimi akwiya n'kubwerera kwawo, nkhani n'kuthera pomwepo. Ankadziwanso kuti akamasula, adzafunika kuyang'anana ndi Dailes, amene analeredwa ndi mchimwene wakeyo bambo awo atamwalira. Anayang'ana Olipa. Mayiyo sanapemphe kanthu, ngakhale ndi maso. Anangokhala, manja ake otumbuluka ndi sopo ali pamaondo, ngati munthu amene wachita mbali yake ndipo akudikira kuti wina achite yake.

Boaz anazula singano pakolala ya malaya ake, pakuti amayi a ku Kapata anali atamanga mfundo zosamasuka ndi zala. Anatola kamtolo koyamba, anakatompha, anakatambasula n'kukweza m'mwamba kansalu ka m'kati kuti onse aone. Kanali ka biriwita. Kachiwiri, biriwita. Kachitatu kanali ka kaki, ndipo makalaliki anapumako. Sanafulumire ndipo sanadumphe kalikonse. Pomaliza, tiwiri tokha tinapita kwa Whiteson, tina tonse kwa Andireya. Andireya anapambana ndi kansalu kamodzi.

Alimi anavina. Olipa, amene anali wotsiriza pa onse atatu, ndiye anaoneka wokhutira koposa. Anaimirira, anakonza chitenje chake, nauza Andireya kuti tsiku lopita kuboma adzamuperekeza mpaka pachipata ndi ndowa ya madzi a kukhwawa, kuti asakaiwale poyambira. Whiteson sanakalipe. Anavala chipewa chake, nauza Boaz kuti khonde lake likufuna kupuma.

Lamulungu lonse Dailes sanatchule za chisankho. Anaphika, anapita kutchalitchi, anabwerako. Boaz anatenga kukhala chete kumeneko ngati mkwiyo, ndipo kunamuwawa kuposa kutaya khonde. Kangapo anatsegula pakamwa kuti apepese, koma sanadziwe chopepesa.

Lolemba m'mawa ananyamuka kukatenga makina ake. Ali pakati pa njira anamva mapazi kumbuyo, ndipo atacheuka anaona Dailes akumutsatira, nsanza ili m'manja. Anafika pasitolo. Boaz anagwada n'kuyamba kumasula mutu wa makina pamiyendo yake yachitsulo. Whiteson anatuluka n'kuima pakhomo, ndipo pomuona mlongo wake mawu ake anafewa. Anamuuza kuti iyeyo alibe naye chifukwa, koma mwamuna wakeyo wamuvula pagulu.

Dailes anali akupota nsanza ija kukhala nkhata. Anamaliza kaye.

“Achimwene, musawalakwire awa,” anatero. “Iwo anangomasula. Womanga ndinali ine, chofiira kunja, biriwita m'kati. Inu mukanakalankhula bwino kuposa onse, zimenezo ndikudziwa. Koma madzi amene ana anga amamwa ndimatunga ndine, ndipo simunabwere kudzawaona.”

Whiteson anatembenuka n'kulowa m'sitolo. Boaz anangoti kukamwa yasa, sipanala ili m'manja. Zaka khumi ndi ziwiri ali naye m'nyumba mayi ameneyu, ankaganiza kuti akumudziwa.

Dailes anaika nkhata pamutu n'kugwada pambali pa makina.

“Bambo a Lena, nditwikeni. Dzuwa likukwera.”

Boaz anamutwika. Iye anasenza miyendo yachitsuloyo paphewa, ndipo anatsika masitepe a khonde, mkazi patsogolo, mwamuna pambuyo, kulowera kwawo ku Kapata kumene kunalibe sitolo yowadikira.