Bondo la Amake Luso

Nkhaniyi anandiuza ndi a Abasi, okonza maambulera pamsika wa Zomba, tsiku lina mvula itatipanikiza pakhonde la sitolo. Ndikuipereka monga ndinailandirira.

A Consolata anali atagwada pabalaza akupaka polishi wofiira pasimenti pamene ululu unawalasa pansi pa bondo lamanja ngati agwadira msomali. Analuma mano n'kupitiriza. Nyumbayo inali ya a Naseem, mayi wachimwenye wa sitolo ya nsalu m'tauni, ndipo a Consolata anakalambira momwemo akupukuta simenti mpaka munthu kudzionerapo nkhope.

"Mayi, tadzukani," anatero a Naseem ali pakhomo. "Mukukwawa chammbali ngati nkhanu."

"Palibe kanthu, adona. Ndi ukalamba."

"Ukalamba sutupa mbali imodzi. Kwezani chitenjecho."

Pansi pa kafupa kozungulira ka bondo panali chotupa ngati dzira la nkhuku, chofewa, chofunda. M'mbali mwake munali timabala tatsopano.

"Nanga iti?"

"Abambo ake Luso ananditemera mphini kuti madzi atuluke. Sanatuluke."

A Naseem anangotenga makiyi a galimoto.

Kuchipatala anapeza dokotala wachitsikana, msinkhu wa Luso, mwana wamkazi wa a Consolata. Anadina chotupacho pang'onopang'ono, anapinda mwendo n'kuuwongola, kenaka anakhala pansi.

"Amayi, fupa lanu lili bwino. Pansi pa bondo pamakhala kathumba kakang'ono ka madzi. Ntchito yake ndi ngati ya nkhata pamutu, kuti fupa lisamakhulane ndi khungu ndi mitsempha. Mukamagwada pouma tsiku ndi tsiku, kathumbako kamapweteka n'kudzaza madzi. Ndiko kutupaku."

"Ndiye muboole, mwanangu, ndibwerere kuntchito."

"Tikaboola lero, inu n'kukagwadanso, mawa kadzazanso. Ndipo lezala yotemera mphini ija musadzayerekezenso, imalowetsa tizilombo. Pakafiira, pakatentha kwambiri, kapena thupi likayamba kuphwanya, thamangirani kuno, pamenepo tidzapopa ndi jakisoni n'kukupatsani mankhwala ena."

Anawalembera mapiritsi ochepetsa kutupa, omwa atadya. Anati aziika nsalu yonyowa ndi madzi ozizira pabondopo, ndipo akakhala pansi mwendo uzikhala pamwamba.

"Koma mankhwala aakulu ndi awa: osagwada, mpaka litaphweratu."

"Ngakhale m'tchalitchi?"

"Mulungu amamva ndi okhala pabenchi omwe."

"Nanga kunyumba?"

"Kulikonse, amayi. Mukapanda kumvera, mwendowu udzakukhazikani pansi."

Za kuntchito zinatha msanga. A Naseem anagula burashi ya mtengo wautali, a Consolata n'kumapukuta chiimire, uku akudandaula kuti simenti sikuwalanso ngati kale. Kutchalitchi anakhala pabenchi anzawo atagwada, maso ali pansi ngati munthu wakuba. Koma kunyumba kwawo ku Chikanda kunali kwina. Kuyambira tsiku limene anankungwi anawalangiza, sanapatsepo mwamuna wawo, a Japhet, kanthu ali chiimire. Madzi osamba m'manja, tiyi, ngakhale moni wam'mawa, zonse zinkafika bondo lili pansi. Choncho a Japhet anauzidwa za mapiritsi, za nsalu yozizira ndi za kuipa kwa lezala. Za kugwada sanauzidwe.

Chotupa chija chinkaphwa pang'ono masana, m'mawa n'kupezeka chadzazanso. A Consolata anayamba kutsimphina, ndipo mtunda wochoka ku Chikanda kupita m'tauni unatalika.

A Japhet ankagulitsa masitiroberi m'mbali mwa msewu wa kuphiri. Loweruka lina anatsika ndi otsala n'kudzera kusitolo kwa a Naseem.

"Bwerani kuno, a Japhet," anatero a Naseem akupinda nsalu. "Bondo la akazi anu likutupirabe chiyani? Kwathu sagwada."

"Mapiritsi akumwa, adona. Ine ndimachita kuwawerengera."

"Sindikunena mapiritsi. Kunyumba anasiya kugwada?"

"Kugwada kwalakwanso chiyani?"

A Naseem anaika nsalu pansi n'kuwayang'ana. Kenaka anawafotokozera zonse, za kathumba, za nkhata, ndi mawu a dokotala aja. A Japhet anatuluka osatsazika. Masitiroberi anawaiwala pakauntala.

Anafika kunyumba dzuwa likupendeka, nakhala pampando wawo wa pakhonde. Posakhalitsa a Consolata anatuluka ndi beseni la madzi, akukoka mwendo. Anaima patsogolo pawo, anagwira chitenje, n'kuyamba kutsika.

"Imani pomwepo, amake Luso."

"Kwagwanji?"

"Adokotala anati chiyani za kugwada?"

A Consolata anayang'ana m'beseni. "Amwenye aja pakamwa."

"Ndiye mwakhala mukundidyetsa ine uku mukudzipha nokha?"

"Mufuna anthu azinena chiyani? Kuti Consolata wakula mtima, akupatsa mwamuna madzi chiimire ngati wapolisi wa pamsewu?"

"Bondoli likafa, anthuwo adzakubwerekani lawo?"

"Ulemu sagula, bambo. Ine ndinaleredwa choncho."

"Ulemu ndaudya, ndakhuta. Tsopano ndikufuna mwendo."

Anadzuka, anawalanda beseni, nawakhazika pampando paja. A Consolata anakhala m'mphepete, chifukwa mpando umenewo anali asanaukhalepo. A Japhet anagubuduza mtondo, anayalapo thumba, n'kukwezapo mwendo wodwalawo. Anatunga madzi mumtsuko, ananyowetsa nsalu. Atayesa kuwerama, msana unakana. Ndiye anagwada, mawondo akulira ngati nkhuni zouma, n'kuika nsaluyo pachotupa.

A Stambuli, oyandikana nawo nyumba, anasuzumira pampanda. "Ee, achimwene! Khuzumule wagwira ntchito lero!"

"Ngati anandidyetsa, wachedwa kugwira," anayankha a Japhet osacheuka. "Onani imvizi. Inu pitani mukaone mawondo a kwanu."

A Stambuli anaseka, mutu n'kuzimirira.

"Dzukani, bambo, mundichititsa manyazi," ananong'ona a Consolata, ataphimba nkhope ndi nsonga ya chitenje.

"Ndimalize kaye. Apa ndi pamene ndinatema paja?"

"Pomwepo."

Anapasisita ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono. Nsalu itafunda anainyowetsanso. Pomaliza anagwira mwendo wa mpando kuti adzuke, koma anabwerera pansi. Anayesanso, osatheka. Simenti inali itawalowa m'mafupa.

"Amake Luso, tandikokani."

A Consolata anaseka mpaka misozi, nawagwira mikono yonse iwiri n'kukoka. A Japhet anaimirira akupuma mwabefu, akusisita mawondo awo. Anayang'ana simenti, anayang'ana akazi awo.

"Kanthawi kochepa komweka? Nanga inu zaka zonsezi mumadzuka bwanji?"

"Ndinkangodzuka," anatero a Consolata.

M'mawa mwake a Japhet sanakwere phiri. Anakhoma kathebulo ka matabwa pakhonde, n'kulamula kuti beseni ndi makapu azikhala pamenepo, wofuna azidzitengera yekha. Mwezi usanathe chotupa chinaphwa, ndipo a Consolata anayambanso kuyenda ulendo wa m'tauni osapumira panjira.

A Abasi anamaliza ndi kunena kuti mayiwo sanagwadirenso mwamuna wawo mpaka lero. Zoti a Japhet anagwada, a Stambuli akuona, ndikukhulupirira, pakuti m'maulendo angawa ndaona amuna akuchita zoposa pamenepo. Koma zoti a Consolata anasiyiratu, bondo litachira, pamenepo ndiye ndikukayika.