Amene ankatsegulira mphaka chitseko

Ulemu ankafika pantchito atatopa kale. Kukwera basi ku North York, sitima mpaka ku Oakville, kenako kusambitsa mayi Angela, nkhalamba yachizungu yomwe miyendo inali itayamba kuikana. Mwana wawo Judith ankangodikira chifukwa chimodzi choti akawasiye kunyumba yosungira okalamba, ndipo mayiwo ankaopa zimenezo kuposa imfa.

M'nyumbamo munali mphaka wonenepa ngati pilo, wosadziwa kunja. Ulemu zinkamuwawa. Kwawo ku Ntcheu mphaka amadya thukuta lake. Nanga uyu wongodyera m'chitini, tsiku lonse maso pawindo, ndi mphaka kapena mlendo? Tsiku lina anamutsegulira chitseko chakumbuyo. Mphaka anabwerako ataluma mbewa, Ulemu n'kumuyamikira kuti wakula. Chinasanduka chizolowezi.

Patapita milungu ingapo mphaka uja anasanza pakapeti tinjoka toyera, tikuphiriphitha. Judith anathamangira naye kwa dokotala wa ziweto ngati wadwala ndi mwana, n'kubwerako nkhope ili gwa.

"Akuti ndi njoka za m'mimba," anatero ali chiimire pabalaza. "Amwe mankhwalawa, adzabwerezenso. Zonyansa zake muzichotsa mumchenga womwe amadzithandiziramo tsiku lililonse, muzisamba m'manja, mazira a njokazi amalowanso mwa anthu. Koma dokotala akuti ayenera kuti wadya mbewa. Mphakayu satuluka. Akumutulutsa ndani?"

Ulemu anachita mantha. Dandaulo limodzi lokha ku kampani yomwe inamutuma, ntchito yathera pomwepo.

"Ndine," anatero mayi Angela, osamuyang'ana Ulemu. "Ndimamutsegulira ndekha."

Linali bodza lamkunkhuniza. Chitseko chimenecho chinali kunsi kwa masitepe, kumene mayiwo anasiya kalekale kutsika.

Judith anakhala pansi, mutu m'manja. "Mukumatsika masitepe aja nokha? Amayi, ndimanena ine. Mudzathyoka msana. Basi, zakwana. Mawa ndikuimba foni kunyumba ija."

Ulemu anatsegula pakamwa. Choonadi chinali palilime penipeni. Mayi Angela anamugwira dzanja ndi zala zawo zozizira n'kulifinya, iye n'kumeza mawu aja. Manyazi anamugwira, koma kutopa kunaposa manyaziwo.

Anatenga kafosholo n'kupita kukagwada pamchenga wa mphaka. Iyeyo kampani inali kudzamupezera nyumba ina yogwirako ntchito sabata yamawa. Mayi Angela analibe ina.