Funsani a M'kati

Shopu ya telala inali ya zipinda ziwiri, ndipo pakati pake panali katani ya maluwa yomwe inasuluka kalekale. Chipinda chakutsogolo chinali chaching'ono koma chowala. Munali tebulo lodulirapo nsalu lomwe linadya pafupifupi malo onse, galasi lalitali lotsamira khoma, ndi benchi ya makasitomala. Telala ankakhala mmenemo, tepi ili m'khosi, choko chili pakhutu. Kuseri kwa katani kunali makina osokera, nsimbi, ndi mkazi wake.

Ntchito anagawana bwino lomwe. Mwamuna ankayeza ndi kudula, mkazi ankasoka. Kasitomala akafunsa tsiku lodzatenga chovala chake, telala ankaloza katani ndi chibwano n'kunena kuti, "Ndifunse kaye a m'kati." Wina akayamikira kolala yokhala bwino, ankati, "Ndiwauza a m'kati." Msewu wonse unkawadziwa mawuwo, ngakhale kuti ambiri anali asanamuonepo mwini wake, chifukwa iye ankalowera ndi kutulukira khomo lakumbuyo.

Katani ija sinaikidwe ndi mtima woipa. Pamene ankayamba shopu, awiriwa ankagona m'chipinda chakumbuyocho, ndipo anali ndi khanda. Mkazi ankapalasa makina ndi mwendo, dzanja lina likugwedeza mwana, ndipo katani inkamubisa poyamwitsa. Mwanayo anakula, anaphunzira, anakwatiwa, anasamukira kutali. Makolo ake anapeza nyumba ina yogona. Koma katani inakhalabe pomwepo, ndipo palibe amene anafunsa kuti ikubisanso chiyani.

Tsiku lina telala anapita kukagula mazipi ndi ulusi. M'kati munatentha, choncho mkaziyo anatuluka kudzapuma pa benchi. Posachedwa panafika mayi wa pafamase, kasitomala wakalekale, atanyamula nsalu ya buluu.

"Odi kuno! A telala alipo?"

"Atuluka pang'ono. Ndikuthandizeni?"

Mayi wa pafamase anamuyang'ana, osati mwamwano, koma monga tiyang'anira munthu amene tikufuna pomuika.

"Kodi inu ndi a m'kati aja? Eee, lero ndadzuka bwino! Manja anu ndi odala, mayi. Madiresi anga onse ndi inu. Ndiye mwakhalitsa nawotu bambowa. Antchito a masiku ano sakhazikika, lero ali pano mawa ali apo."

"Ndakhalitsadi."

"Asadzakutayeni, ndidzawauza ndekha. Nanga akazi awo? Zaka zonsezi sindinawaonepo. Kapena anatisiya?"

"Alipo."

"Muzikawapatsa moni. Ali ndi mwayi, anapeza mwamuna waulemu."

"Ndikawauza," anatero mkazi wa telala. Analandira nsalu ija, anaipinda bwinobwino, n'kuiika patebulo.

Tsikulo anagwira ntchito yake monga mwa masiku onse. Anamaliza mathalauza awiri, anaika mabatani pa jekete, anasita. Nkhani anaiyamba mawa lake masana, akumwa tiyi ndi buledi pambali pa makina.

"Bambo, mng'ono wanga uja akufunabe munthu pa shopu yake ya mayunifolomu. Ndamuuza kuti mwezi ukatha ndiyamba."

Telala anaika kapu pansi. "Muyamba chiyani?"

"Ntchito."

"Nanga ino si ntchito? Talakwa chiyani, mayi?"

Anamufotokozera za mayi wa pafamase, mawu ndi mawu, osakweza mawu. Telala anaseka. Kumeneko kunali kulakwitsa, ndipo anazindikira kuseka kusanathe.

"Ndiye mukanangowauza kuti akazi ake ndine."

"Ndiwauze ine? Zaka zonsezi pakamwa panu panali pati?"

"Koma a m'kati si kutukwana. Ndi ulemu umenewo. Bambo anga mpaka kumwalira sindinawamvepo akunena kuti akazi anga pagulu. Ankati kutero n'kudzionetsera."

"Sindinati mwanditukwana," anatero mkaziyo, n'kutsuka makapu.

Telala sanali munthu wouma mtima, ndipo nkhaniyi inamusowetsa mtendere. Ankadziwa kudula, koma kusoka anasiya kalekale, maso atayamba kuvuta. Shopu yopanda mkazi wake inali tebulo ndi sizasi basi. Ndiponso panali china chimene sankachitchula ngakhale mumtima: kulira kwa makina kuseri kwa katani ndi kumene kunkamuuza tsiku lonse kuti sali yekha.

Madzulo ake anakhala pakhonde ndi anansi ake a mumzere womwewo, wometa ndi wosoka nsapato. Anawafunsa ngati nkhani ya munthu wina.

"Kodi anzanga, akunyumba mumawatchula bwanji pagulu?"

"Ine ndimati Boma," anatero wometa. "Boma lakana. Boma likuganizira. Iwo akamva amangoseka."

"Amaseka chifukwa ndi zoona," anatero wansapato, msomali uli pakamwa. "Ine ndimati amake ana. Palibe amene anadandaulapo."

"Ana ako onse anachoka, mdala. Panopa ndi amake ndani? Amake mphaka?"

"Bola zimenezo kusiyana ndi anyamata a masiku ano. Mkazi wanga, mkazi wanga, ngati akunena njinga yanga. Ena akuti madamu, ngati akupempha ntchito."

"Nanga iwo amakutchula bwanji?"

"Abambo akunyumba."

"Umenewo ndi ulemu wa pamaso pako. Ukatembenuka ndiwe nkhalamba ija."

Mkazi wa wometa, yemwe ankaluka tsitsi mu saluni yomweyo, anatuluka kudzayanika matawulo pa chingwe. Anali atamva zonse.

"Boma lanji lochapa matawulo?" anatero. "Inu nditchuleni Boma, nditchuleni chiyani, zanu zimenezo. Bola munthu akalowa muno amandipeza, ndipo amadziwa amene akulankhula naye."

Amuna aja anaseka. Telala anasekanso, koma pa zonse zimene zinanenedwa pakhondepo, iye anatolapo chimodzi chokha: kuti mawu ndi amene avuta, ndipo akasintha mawu zinthu zikhala bwino.

Kuyambira m'mawa mwake anasiya kunena kuti a m'kati. Mawu atsopanowo ankamulemera pakamwa ngati nsapato yatsopano kuphazi, koma ankawakankha, mokweza, kuti adutse katani.

"Lachinayi? Ndifunse kaye akazi anga."

"Kolala imeneyi asoka ndi akazi anga."

Makasitomala ena sanasamale. Ena anadabwa. Bambo wina wa ku ofesi, amene ankasoketsa masuti ake onse pomwepo, anaima pakati pa kuyezedwa, manja ali m'mwamba.

"Mwati asoka ndani?"

"Akazi anga."

"A m'kati aja anasiya ntchito?"

"Ayi, ndi..."

"Pepani a telala, sindikunyoza banja lanu. Koma suti yanga asoke a m'kati omwe aja. Mayi akunyumba aphunzirire kaye pa zovala za ena."

Makina kuseri kwa katani anaima. Telala anayamba kufotokoza, koma anafotokoza mosokoneza, ndipo bamboyo anatuluka akuoneka kuti sanakhutire. Patapita kanthawi makina anayambanso kulira.

"Mwamva mmene ndikuyesetsera?" anafunsa telala pa nthawi ya tiyi.

"Ndamva. Msewu wonse wamva."

"Ndiye?"

"Ndiye chiyani? A m'kati silinali bodza, bambo. Ndimakhala m'katidi."

Mwezi unkapita kumapeto. Mkaziyo anayamba kupatula zinthu zake: sizasi yake yaing'ono, kabokosi ka singano, kapilo kamene ankakhalira. Anaziika m'chikwama pansi pa makina. Sanakwiye, sanasiye kuphika tiyi, sanasoke chovala ngakhale chimodzi mwaulesi. Telala akanakonda atakalipa.

Kenako mayi wa pafamase anabwera kudzayesa diresi lake la buluu. Analivala kuseri kwa galasi, n'kutuluka akudzipotokola.

"Kutsogoloku lili bwino, koma kumsanaku likukoka."

Pa zoterezi awiriwa anali ndi kachitidwe kawo. Telala ankayang'ana chovala chili pathupi, n'kulowa m'kati kukanong'oneza zimene waona. Mkazi wake ankamuuza pofunika kumasula kapena kubweza. Iye ankatuluka, n'kunena mawu omwewo kwa kasitomala, n'kubaya mapini. Anachita chimodzimodzi tsikulo. Analowetsa mutu kuseri kwa katani.

"Akuti likukoka kumsana, cha m'mapewamu."

Mkaziyo sanadzutse mutu pa nsalu imene ankasoka. "Msana wa munthu sindingauone kudzera pa katani."

"Masiku onse mumauona bwanji?"

"Ndimangoganizira. Lero ndatopa kuganizira."

Telala anaima pamenepo, thupi lili kunja mutu uli m'kati. Akanatha kubaya mapini yekha, ndipo mwina akanalondola. Koma anagwira katani ija n'kuikokera kumbali mpaka kukhoma. Mawaya ake analira chifukwa anali asanayendepo mtunda wotero. Kuwala kunagwera pa makina, pa mulu wa zidutswa za nsalu, pa chikwama chija.

"Mayi," anatero kwa kasitomala, "a m'kati aja ndi awa. Ndi akazi anga. Ndi munthu mmodzi yemweyo."

Mayi wa pafamase anagwira pakamwa. "Mayo ine! Ndiye tsiku lija... Mayi, mundikhululukire. Pakamwa panga pandipachika."

"Simunalakwe. Munanena zimene munkadziwa. Tatembenukani."

Mkazi wa telala anatuluka, anagwira diresi m'mapewa, anatsitsa chala kutsata msoko wapakati. Anatenga mapini pa tebulo la mwamuna wake, anabaya apa ndi apo, n'kufunsa ngati mayiyo amakweza manja kwambiri potsitsa mankhwala pa mashelefu. Mayiyo anati inde, tsiku lonse. "Ndiye ndimasula pang'ono kukhwapaku," anatero. Anacheza kanthawi za mashelefu ndi za msana, ndipo telala anaima pambali atagwira kabokosi ka mapini.

Kasitomala atapita, telala anapumira m'mwamba ngati munthu amene watula katundu.

"Ndiye zatha, eti?"

"Mmodzi wadziwa," anatero mkazi wake. "Mawa katani ibwerera pamalo pake, chifukwa anthu akuvula apa ndipo m'katimu muli zinyalala za nsalu. Kenako kubwera wina." Analowa, n'kukhalanso pa makina.

Nthawi yotseka itakwana, telala sanafulumire kukiya. Anachotsa tepi m'khosi n'kuyamba kuyeza chipinda chakutsogolo. Anayeza kuchoka pa zenera kufika pa tebulo, kuchoka pa tebulo kufika pa benchi. Analowa m'kati, anayeza makina pamodzi ndi mpando wake. Anabwerera kudzayezanso, ngakhale kuti pa ntchito yake sankakonda kuyeza kawiri. Anayesa m'maganizo kuchotsa benchi, koma makasitomala akanakhala pati? Anayesa kutembenuza tebulo, koma likanatseka khomo. Tepi sinama. Kutsogoloko kukanakwana makina kapena tebulo, osati zonse ziwiri.

Mkazi wake ankamuyang'ana, chikwama chili m'manja. 

M'mawa mwake telala anaitana wometa ndi wansapato. Tebulo linali lolemera ndipo linakana kulowa m'kati mpaka atalipendeketsa. Wansapato anapana chala pa felemu n'kutchula mawu amene sanenedwa pamaso pa azimayi. Makina anatuluka mosavuta. Anawaika pansi pa zenera, pamalo pamene simenti inali yosalala chifukwa cha mapazi a telala.

"Achimwene," anatero wometa akupukuta thukuta, "ndiye kuti mwagwetsedwa pampando popanda chisankho?"

"Nyamula mbali yakoyo, usiye zolongolola."

M'kati munali mdima kuposa mmene telala ankaganizira. Ankalowamo kangapo pa tsiku kwa zaka zambiri, koma anali asanakhalemo. Mzere wa choko sunkaoneka bwino mpaka atayatsa babu, kunja dzuwa likuwala. Nsimbi ikayaka, mpweya unkalemera. Mawu a mumsewu ankafika ngati akuchokera m'madzi. Anapachika tepi pa msomali, anayala nsalu, n'kuyamba kudula.

Cha kummawa komweko foni ya mkazi wake inalira. Anamva akuyankha kutsogolo kuja.

"Ee, ndi ine... Ayi, upeze wina, mng'ono wanga... Ayi, sanandinyengerere. Ndidzakuuza tikakumana."

Telala sanasiye kudula, koma sizasi inayenda pang'onopang'ono mpaka foni itatha.

Kenako kunalowa kasitomala wachilendo, mnyamata wofuna thalauza la ku ntchito. Mkaziyo anamulonjera, anafunsa mtundu wa nsalu, anamuuza kuti matumba am'mbali amakhalitsa kuposa akutsogolo. Mnyamatayo anafunsa kuti nsaluyo idulidwa liti.

"Zodula si ine," anatero mayiyo. "Funsani a m'kati."

Telala anawamva mawuwo akudutsa katani. Anawatembenuza m'mutu monga atembenuzira nsalu pofuna kuona mbali yake yabwino. Sanamve chipongwe mmenemo. Sanamvenso kuti akunena munthu amene mnyamatayo angamuzindikire atakumana naye pamsewu. Anaika sizasi pansi, anatenga tepi pa msomali, anakankha katani n'kutuluka.

"Ndine mwamuna wawo," anatero. "Tayimani apa ndikuyezeni."