Buleki ya Kumbuyo

Dzina loti Kamvuluvulu anawapatsa ndi anzawo okwera njinga zamoto, kale tsitsi lawo likadali lakuda bii. Ntchito yawo inali yoyeza malo, ndipo galimoto ya kuntchito sankaifuna. Ankalongedza zipangizo m'mabokosi awiri a chinjinga chawo chachikulu cha maulendo ataliatali, n'kusiya fumbi m'mbuyo. Ngakhale atapuma pantchito sankakhazikika pakhomo, mpaka akazi awo, asanatisiye, ankaitchula njingayo kuti mkazi wamng'ono.

Chaka chimenecho dzanja lamanja linayamba kuwakana. Poyamba zala ziwiri zinkangochita dzanzi. Kenako mabatani a malaya anayamba kuvuta, ndiye kiyi wa chitseko. Tsono pa njinga yamoto dzanja lamanja ndilo limafinya buleki ya kutsogolo, imene imaimitsadi njinga. Ya kumbuyo, yoponda ndi phazi, imangothandizira. A Kamvuluvulu sanauze munthu. Anangoyamba kuyenda pang'onopang'ono, phazi lili pa buleki ya kumbuyo, ndipo anzawo akawafunsa ankati munthu akakula amafuna kuona dziko bwino.

Kenako mzime wawo, mtsikana amene ankakhala naye, anapeza ntchito yophunzitsa ku tauni ina kuseri kwa mapiri.

“Bambo, munandilonjeza ndili wamng'ono kuti tsiku lina tidzadutsa m'mapiri muja tili awiri,” anatero. “Basi sindikwera. Mundiperekeze pa njinga.”

“Matayala atha, mwanawe.”

“Ndigula ine. Ndi mabuleki omwe, chifukwa akumalira ngati khanda mukamalowa pageti.”

Pothawira panasowa. Loweruka m'mawa anapita ndi mwana wawoyo ku shopu ya Mayi a Masipeya. Mayiwa anali mkazi wa malemu mnzawo wapamtima wa a Kamvuluvulu, choncho ankaitanana kuti alamu. Amuna awo atamwalira, anthu ankati shopuyo sichedwa kugwa, koma iwo anavala ovolosi n'kuigwira okha. Shopuyo inali pamwamba pang'ono, yokhala ndi kachitunda ka simenti kotsikira mumsewu, ndipo mkati munkanunkha labala ndi oyilo. Tsikulo munali makasitomala awiri, anyamata onyamula katundu panjinga.

“Alamu, lero mwabwera ndi bwana!” anaseka mayiwo. “Ndiye tisankha zabwino.”

Anagubuduza matayala amitundu iwiri. Ena anali olimba, okhalitsa pamsewu wotentha koma oterera kukagwa mvula. Ena anali ofewerapo, ogwira phula bwino m'makona, kungoti amatha msanga. A Kamvuluvulu anaiwala vuto lawo kwa kanthawi. Anagogoda matayalawo, anayang'ana mizere yake, anafotokozera mwana wawo kuti anthu awiri ndi katundu amafuna tayala lakumbuyo la m'mbali molimba. Mtsikanayo ankamvetsera maso ali gwa pa bambo ake, ndipo iwo anamva kukoma mumtima. Anasankha ofewawo, chifukwa kumapiri mvula sipangana.

“Tsopano mapadi,” anatero mayiwo. Mapadi ndi tizidutswa timene timapana chimbale cha gudumu kuti njinga iime. “Tione akalewa kaye, ndiwo atiuze zoti tigule.”

Anagwada, anamasula, n'kuika onse patebulo. A kumbuyo anali atatheratu, chitsulo chili poyera, chimbale chomwe chitakandika. A kutsogolo anali ngati angotuluka m'bokosi. Mayiwo anawatembenuza kangapo, kenako anayandikira n'kutsitsa mawu kuti ena asamve.

“Alamu, awa tinaika tsiku limodzi. Nanga a kutsogolowa simukuwagwiritsa ntchito bwanji? Muli bwino koma?”

A Kamvuluvulu anaona mwana wawo akusendera kuti amve. Nkhope inawatentha. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe, ndipo zimene zinatuluka pakamwa pawo zinawadabwitsa eni ake omwe.

“Mukundifunsa ine? Dzifunseni nokha! Munandigulitsa mapadi achinyengo, lero mukufuna kunamizira ine? Amuna anu ali moyo zoterezi kunalibe muno. Mwayamba kugulitsa zinyalala, mupha anthu!”

Mmodzi wa anyamata aja anali atanyamula kale bokosi la tcheni. Analiyang'ana, analibwezera pashelefu mwakachetechete, n'kukodola mnzake. Onse awiri anatuluka. Mayi a Masipeya anangotola mapadi akalewo n'kuwabwezera panjinga, kumanga bawuti iliyonse bwinobwino.

“Njinga yanu iyo,” anatero.

“Tiye, tikagula kwina,” a Kamvuluvulu anauza mwana wawo, osamuyang'ana.

Anaichotsa pa sitandi n'kuyamba kuikankha ali pambali pake. Apo ndipo anadzitchera okha msampha, chifukwa munthu akamakankha njinga phazi silifika pa buleki. Gudumu lakutsogolo litangofika pa kachitunda kaja, chinjinga chija chinayamba kuwakoka. Analamula zala kuti zifinye, zala zinangogona pachitsulo ngati za munthu wina. Anathamanga nayo pang'ono, inawapulumuka, n'kukagwa m'mbali mwa ngalande, khuu! Galasi loonera m'mbuyo linasweka, bokosi limodzi linatseguka, masipanala ali mbwee pamsewu.

Iwo anatsala ali chiimire, dzanja lili m'malere. Mzime wawo anafika akuthamanga. Sanayang'ane njinga. Anagwira dzanja lija n'kuika lake mkati.

“Bambo, finyani.”

“Ndangoterereka, simenti iyi...”

“Finyani dzanja langa, bambo.”

Anayesa mpaka thukuta linatuluka pamphumi. Mtsikanayo anangomva ngati wagwidwa ndi kamwana.

Amene anadzutsa njingayo anali Mayi a Masipeya ndi wowotcherera zitsulo wa shopu yoyandikana nayo. Anaikankhira mkati mwa shopu. Bambo ndi mwana anabwerera kunyumba pa basi, atakhala mpando umodzi, aliyense akuyang'ana kwake. Atalowa m'nyumba ndi pamene mtsikanayo anayankhula.

“Za dzanjali sindikukwiya, matenda sasankha. Koma ndiuzeni zoona. Tikanagula matayala aja, mukananditenga? M'mapiri muja, potsetsereka paja, ndi buleki imodzi?”

A Kamvuluvulu anayang'ana pansi. Anafufuza mumtima mwawo yankho lina, koma limene analipeza linali lomwelo: akanamutenga. Akanamukweza mwana wawo kumbuyo, n'kumapemphera pakona iliyonse, kusiyana n'kunena kuti sindingathe. Kukhala chete kwawo kunayankha, ndipo mtsikanayo analowa kuchipinda n'kutseka chitseko pang'onopang'ono. Bola akanachimenyetsa.

Kuchipatala anati mtsempha wapanikizika m'khosi, ndipo ndi mankhwala ndi mafizo olimbitsa minofu dzanjalo likhoza kubwererako, koma za njinga aiwale kaye. Mtsikanayo anapita ku ntchito yake pa basi. Anawakumbatira ndithu potsanzikana, koma anawauza kuti foni yawo sayankha mpaka iwo atakaonana ndi Mayi a Masipeya.

Anazengereza masiku angapo. Tsiku lina m'mawa anavala jekete n'kupita wapansi. Pakhomo la shopu anazungulirazungulira ngati akuwerenga zikwangwani, mpaka mayiwo anawaitana.

“Lowani, alamu, mukuthamangitsa makasitomala poima pamenepo.”

Munali anthu atatu. A Kamvuluvulu anavula chipewa, anasendera pakauntala n'kunong'ona kuti abwera kudzapepesa.

“Sindikumva,” anatero mayiwo, akupukuta manja ndi kansanza. “Ponyoza paja munakweza mawu mpaka mumsewu. Popepesa mwasanduka udzudzu?”

Bambo aja anatembenuka, anatsokomola, n'kunena mokweza kuti mapadi a m'shopu muno ndi enieni, kuti ananama, kuti dzanja lawo ndilo lafooka ndipo ankachita manyazi kuvomera. Anthu atatu aja, amene sankadziwa chiyambi cha nkhaniyo, anangoyang'anana. Mmodzi, posowa chonena, anati, “Pepani, achikulire.”

“Anyamata aja sanabwerenso,” anatero mayiwo anthuwo atatuluka. “Ndipo mukudziwa mmene amayankhulira pamalo awo oimikira njinga.”

“Ndikawapeza. Ndikanenanso komweko.”

“Mukanenedi. Za amuna anga zija ndiye zinandipweteka, sindikubisirani.”

A Kamvuluvulu anangogwedeza mutu. Njinga yawo inali kuseri, itafunditsidwa nsalu. Anafunsa ngati angasungitse matayala ofewa aja, koma mayiwo anakana: labala imakalamba ngakhale ili pashelefu, adzasankha dzanja likadzachira. M'malo mwake anatsegula kabati, anatulutsa chogwirira chakale cha labala cha pa hendulo, n'kuwaponyera.

“Muzifinya ichi m'mawa ndi madzulo. Mukadzachiphwanya mudzabwere tidzakambe za matayala.”

A Kamvuluvulu anachiika m'thumba la jekete, anafunsa njira ya kumene anyamata onyamula katundu amaimika njinga, ndipo anatsika kachitunda kaja mosamala, atagwira khoma ndi dzanja lamanzere.